Nambala ya pa pepala la magazi isatiphere odwala athu asanafe

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzipepala yathuyi ndilankhulepo pa nkhani yomwe yandisowetsa tulo chiyambire mwezi wa Epulo. Ine ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndinagwira ntchito ya mu labu zaka 26 ndisanapume, ndiye magazi ndawaona ndithu, a ana, a nkhalamba, a amayi oyembekezera, mpaka pano ndikangoona pepala la full blood count, lowerenga maselo onse a m'magazi lija, maso amathamangira okha pa manambala ngati mmene mayi wa tomato mu msika amawerengera chenji. Koma sindinaganizepo kuti pepala lomwelo lidzagawanitsa banja lathu tsiku lina.

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, anayamba ndi mutu. Mutu wodzuka nawo m'mawa, nthawi zina mpaka kusanza. Tonse tinkangoti ndi BP kapena maganizo poti bizinesi yawo ya matabwa sinkayenda bwino. Kenako anayamba kusokoneza mayina a zidzukulu, dzanja lamanja kumagwetsa kapu ya tiyi, ndiye tsiku lina anagwa pa khonde n'kuyamba kuphupha ngati wa khunyu, bambo wa zaka 58 yemwe sanagwepo chibadwire. Za asing'anga ndi mapemphero a usiku zomwe zinachitika pakatipo ndisanene, aliyense akudziwa mmene timachitira ife. Atawajambula sikani panaoneka chotupa mu ubongo, mbali ya kumanzere.

Apa ndi pomwe panalowa mwana wa achimwene anga, mnyamata wanzeru ndithu, ali ku koleji. Anajambula pepala la magazi lija ndi foni, n'kukafufuza pa intaneti, n'kupeza nkhani yoti ukatenga nambala ya ma neutrophil n'kuigawa ndi ya ma lymphocyte umadziwa ngati wodwala khansa ya mu ubongo akhalitse kapena ayi. Pa pepalapo panali 9.6 ndi 1.2, anagawa anapeza 8. Zomwe anawerengazo zimati ikangoposa 4 ndiye kuti zinthu sizili bwino. Basi usiku womwewo analemba pa gulupu ya banja ya WhatsApp kuti madokotala akungotibisira, ankolo atsala ndi miyezi yochepa. Kutacha msonkhe-msonkhe wa thiransipoti yopitira ku Blantyre kokaonana ndi madokotala a opaleshoni ya m'mutu unaima nji. Wina mpaka anachita kulemba kuti ndalamazo bola tisungire bokosi ndi ufa wa pa maliro. Munthu ali moyo, akudya nsima, akufunsa ngati anyamata atsekula pa shedi ya matabwa.

Mnyamatayu sindikumuda ayi, ndipo chomwe chandilembetsa kalatayi n'choti zomwe anawerengazo si bodza, ndi sayansi yeniyeni, kungoti anaigwira ku mchira. M'magazi mwathumu muli asilikali a mitundumitundu. Ma neutrophil ndi aja ochuluka, othamangira msanga pomwe pavuta, ukadzitema ndi chikwanje bala n'kutukusira, mafinya aja ambiri mwa iwo ndi ma neutrophil omwe afera pa ntchito. Ma lymphocyte ndi ocheperapo koma ndi aja odziwa kuzindikira mdani n'kumusunga kumutu, CD4 yomwe tonse tinaizolowera ku kiliniki ya ma ARV ija ndi mtundu umodzi wa iwowa. Kwa munthu wabwinobwino ukagawa awiriwa umapeza cha pakati pa 1 ndi 3, nambala imeneyi ndiyo imatchedwa NLR. Tsono chotupa cha khansa n'chochenjera moipa, chimatulutsa timadzi toitana ma neutrophil kuti abwere ambiri, ndiye akafika m'malo molimbana nacho ena amachithandiza kumera mitsempha yatsopano ya magazi yoti chizidyerapo, kwinaku akufooketsa ma lymphocyte omwe akanachigwira pakhosi. Zimakhala ngati pa sitolo pomwe alonda achuluka koma wakuba wawagulira kale mowa. Pali zoyeza zinanso za banja lomweli, ma platelet, timaselo toundanitsa magazi tija, kugawa ndi ma lymphocyte, CRP yomwe chiwindi chimatulutsa thupi likatukusira penapake, albumin yemwe amatsika matenda akakula, ngakhale ESR yathu yakale ija yoimika magazi mu kachubu kwa ola lathunthu ukuyang'ana wotchi ya pa khoma. Ndipo ganizo loti khansa ndi kutukusira zimayendera limodzi si la dzulo, Rudolf Virchow wa ku Germany analinena kale mu 1863 ataona maselo oyera a magazi ali mkati mwa zotupa.

Nayo nambala ya 4 ija ili ndi kwawo. Mu 2013 madokotala a ku Cork ku Ireland anaunika odwala 84 a glioblastoma, yomwe ndi khansa yolusa kwambiri mwa zonse zoyambira mu ubongo, anapeza kuti omwe NLR yawo inaposa 4 asanayambe chithandizo anakhala miyezi 7.5 pomwe anzawo anakhala miyezi 11.2. Ofufuza ena ku China ndi ku Ulaya apezanso zolowera komweko, ngakhale malire amasiyana, ena amadula pa 4 ena pamwamba pake, ndipo alipo ena omwe atachotsera zinthu zina monga msinkhu ndi mankhwala sanapeze kusiyana kwenikweni. Ndiye inde, nkhaniyi ilipo.

Koma taonani kaye miyezi 7.5 ija. Limenelo si tsiku la maliro a munthu. Ndi mmene amawerengera ofufuza, amandandalika odwala onse pa mzere kuyambira womwalira msanga mpaka wokhalitsa, n'kuloza woima pakati penipeni. Theka la anthu aja linapitirira pamenepo, ena patali ndithu. Nambalayo imakuuza za gulu la anthu 84 a ku Ireland, siingakuuze kuti bambo uyu wa ku Chibavi ali kutsogolo kwa mzere kapena kumbuyo. Zili ngati kunena kuti ku Mzuzu kumagwa mvula yambiri mu Epulo, n'zoona, koma sizikutanthauza kuti Lachitatu likubwerali zovala zako siziuma.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ine ngati wa mu labu n'china. Nditapita ku wodi ndinapempha achemwali kabuku ka kuchipatala kaja, ndinaona kuti magaziwo anatengedwa tsiku lachinayi alamu atayamba kale kulandira dexamethasone. Amenewa ndi mankhwala omwe pafupifupi aliyense wa chotupa cha mu ubongo amapatsidwa kuti ubongo uphwe, ndipo amathandizadi, munthu yemwe dzulo samalankhula lero amadzuka n'kupempha phala. Koma aliyense yemwe wakhalapo pa makina a full blood count akudziwa zomwe mankhwalawa amachita pa pepala, ma neutrophil omwe anamatirira m'mbali mwa mitsempha amayoyokera m'magazi nambala n'kukwera, ma lymphocyte n'kutsika. Pamwamba pakwera, pansi patsika, ukagawa upeza chiyani? Ngakhale ine wopanda chotupa mutandimwetsa dexamethasone masiku anayi NLR yanga ikhoza kudumpha 4 osavuta. N'chifukwa chake ofufuza osamala amafuna magazi otengedwa wodwala asanalandire mankhwalawa. Mwana wathu uja zimenezi sanazione, sinanga pa foni umawerenga mizere iwiri yoyamba bandulo isanathe.

Ndiye onjezanipo za kwathu kuno. Malungo okha amagwetsa ma platelet, ndaona ana obwera ndi ma platelet otsika mochititsa mantha, patatha sabata atamwa LA abwerera m'malo. HIV imadya ma lymphocyte, ndiyo ntchito yake. TB imakweza ESR ndi CRP mpaka kumwamba. Chibayo cha nyengo yozizira ino ya Juni ndi Julayi, poti kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa, chimakweza ma neutrophil. Matenda a m'chikhodzodzo kwa wodwala yemwe amuika paipi ya mkodzo chimodzimodzi. Albumin amatsika ndi njala yeniyeni, munthu yemwe watha miyezi iwiri akusanza ndi kudya phala lokha albumin wake angakhale bwanji wabwino? Zoyeza zonsezi zimangokuuza kuti m'thupi muli moto penapake, sizikuuza kuti wayatsa ndani. Ku Ireland wodwala khansa ya mu ubongo nthawi zambiri amabwera ndi khansayo basi, kuno amabwera atasenza katundu wina pamwamba.

Palinso china chomwe anthu ambiri sadziwa, ngakhale ena a chipatala amene. Anthu akuda ambiri a ku Africa kuno timabadwa ndi ma neutrophil ocheperapo poyerekeza ndi azungu, koma tili bwinobwino, si matenda. Zimayendera mtundu wa magazi wotchedwa Duffy-null, womwenso umatiteteza ku mtundu wina wa malungo wa vivax. Tsono ngati nambala ya pamwamba ija imayambira pansi mwachibadwa, malire a 4 opezeka mwa azungu angatiyeze bwanji molondola? Mwina kwa ife 3 ndi woopsa kale, mwina ayi, ameneyo ndi kafukufuku woti achitike pa magazi athu omwe. Ndi ngati kugula nsapato pa kaunjika poyeza phazi la neba.

Ndipo chachikulu pa zonse, usiku womwe uthenga uja unkalembedwa pa gulupu panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti chotupacho ndi khansa. Sikani imaonetsa chinthu, siitchula dzina lake motsimikiza. Kuno kwathu chinthu cha mu ubongo chikhoza kukhala TB yomwe yaundana, chikhoza kukhala toxoplasmosis, matenda a tizilombo tolowa mu ubongo, kwa munthu yemwe chitetezo chatsika, tikhoza kukhala timatumba ta nyongolotsi za nkhumba tomwe timagwetsa anthu khunyu, chikhoza kukhala chithupsa cha mafinya, kapena meningioma yomwe nthawi zambiri si yolusa ndipo akaichotsa bwino munthu amabwerera ku munda. Zingapo mwa zimenezi zimachizika ndi mapilisi. Dzina lenileni limadziwika kachidutswa kakapita ku labu n'kukaonedwa pa maikulosikopu. Ndiye tangoganizani banja kuimitsa thiransipoti chifukwa cha nambala ya khansa, chikhalirecho mwina munthu ali ndi TB yoti miyezi ingapo ya mankhwala aulere akanachira.

Sindikufuna kunamiza owerenga kuti nkhani yathu inathera kokoma. Tinakankhana, ena tinagulitsa zomwe tinagulitsa, alamu anapita ku Blantyre, opaleshoni inachitika, zotsatira zinabwera patapita masabata, ndi glioblastoma. Matendawa ndi oipa ndipo ndilibe mawu owakometsera. Chithandizo chomwe dziko lonse limatsata chinachokera pa kafukufuku wa Roger Stupp ndi anzake wa mu 2005, opaleshoni kenako kuwotcha ndi makina a radiotherapy masabata 6 pamodzi ndi mapilisi a temozolomide, ndipo ngakhale ndi zonsezo munthu wapakati pa mzere uja anakhala miyezi 14.6, pomwe owotchedwa kokha anakhala miyezi 12.1. Ofika zaka ziwiri anali pafupifupi 26 pa 100 aliwonse, kwa enawo 10. John McCain, senator wa ku America, anamupeza nayo mu Julayi 2017 n'kumwalira mu Ogasiti 2018. Ted Kennedy, senator mnzake, anamupeza mu Meyi 2008 n'kumwalira mu Ogasiti 2009. Anthu a ndalama zawo, a zipatala zoti ife timangoziona pa TV. Ndiye mwana uja akhoza kudzanena kuti nanga si ndinanena, koma ayi, sananene, analotera, ndipo kulotera kwakeko kukanawamana alamu miyezi yomwe akuyenda okha panoyi, dzanja likugwiranso kapu, akutukwana anyamata a pa shedi kuti akuba ma two by four.

Madokotala akafuna kuyerekeza kuti wodwala glioblastoma ayenda ulendo wotalika bwanji amayamba ndi zina, NLR imabwera kumapeto ngati ndiwo zoonjezera. Amaona msinkhu, wachinyamata amalimba kuposa wachikulire. Amaona mmene munthu akudzithandizira yekha, kuyenda, kusamba, kudya, pali sikelo yake ya Karnofsky yoyambira 0 kufika 100. Amaona kuti pa opaleshoni chotupa chachotsedwa chochuluka bwanji. Kenako pali zoyeza za mkati mwa chotupa chenichenicho, MGMT yomwe imalosera ngati temozolomide agwire bwino ntchito, ndi IDH yomwe kuyambira 2021 bungwe la WHO limaigwiritsa ntchito posiyanitsa glioblastoma yeniyeni ndi zotupa zina zofanana nayo koma zofatsirapo. Zoyeza ziwiri zomalizazi n'zodula ndipo munthu wamba wa ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo sangazipeze chisawawa.

Ndipo apa ndi pomwe ine mtima umagawanika, chifukwa kudula kwa zoyeza zimenezo ndi komwe kukuchititsa kuti NLR ikhale yokopa kwa dziko losauka ngati lathu. Full blood count ndi yotchipa, makina ake ali mpaka m'zipatala za m'maboma, ma reagent, mankhwala oyezera aja, akakhalapo zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo, ndipo wodwala aliyense wopita ku opaleshoni amayezedwa kale, palibe ndalama yoonjezera. Manambala amenewa ali mbwee m'mafayilo ndi m'makaundula a mu labu, akungodyedwa ndi chiswe. Ndiye pempho langa loyamba likupita kwa aphunzitsi ndi ophunzira a ku KUHeS ndi a pa Mzuni pompano pa Luwinga, ana athu amavutika kusaka mitu ya kafukufuku chaka chilichonse, nawu mutu. Tsatirani odwala zotupa za mu ubongo a kuno kwathu, lembani magazi awo a tsiku loyamba asanalandire dexamethasone, lembani ngati ali ndi HIV, malungo kapena TB, lembani chomwe maikulosikopu yanena, kenako muwatsatire mpaka kumudzi ndi foni kuti mudziwe akhala nthawi yaitali bwanji. Chovuta chili pomalizapa, odwala athu ambiri akatuluka m'chipatala amasowa, fayilo imangothera m'malere, koma masiku ano nyumba iliyonse ili ndi nambala ya foni ngakhale ya mwana. Mukatero tidzakhala ndi malire athuathu. Ndipo anzanga a mu labu ndi anamwino, chonde tizilemba tsiku ndi nthawi yotengera magazi pa fomu, kanthu kakang'ono koma popanda iko pepala lija ndi losathandiza kwa wofufuza.

Pempho lachiwiri ndi la kwa madokotala ndi ma clinical officer. Ndikudziwa mmene mzere umatalikira, ndagwira nanu ntchito, munthu mmodzi odwala 80 chakudya cha masana osadya. Komabe achemwali anga anakhala pa wodi masiku 9 ngati gadiyani, atagwira mapepala omwe sakuwamva, popanda wowakhazika pansi ngakhale mphindi zisanu kuwauza kuti mayi, ichi tikudziwa, ichi tidikire opaleshoni, manambala awa akwera chifukwa cha mankhwala. Pomwe dokotala wakhala chete foni imalankhula, ndipo foni ilibe chisoni komanso siidziwa kuti wodwalayo ali pa dexamethasone. Sindikunena kuti muzibisa, ayi, kubisako ndiye kunabala zonsezi. Banja likufunika kumva zoona kuti likonzeke, munthu alembe wilo yake adakali ndi nzeru zake, anene yekha za nyumba ndi shedi, poti tikudziwa zomwe achibale amachita ndi chuma cha masiye maliro asanazizire. Likufunikanso kudziwa kuti ngakhale matenda osachizika ali ndi chithandizo, morphine wakumwa alipo m'zipatala zathu, mankhwala oletsa kugwa alipo, a palliative care, osamalira odwala matenda osachizika, alipo. Koma zoonazo zichokere pakamwa pa munthu yemwe waona wodwalayo, waona sikani, waona zotsatira za kachidutswa, osati pa kalikuleta ya mu foni 11 koloko usiku.

Kwa achinyamata athu ophunzira, fufuzani ndithu, ine ndimanyadira mwana wofuna kudziwa. Koma ukapeza chinthu choopsa pita nacho kaye kwa dokotala kapena kwa wachikulire mmodzi, osati pa gulupu ya anthu 43 pomwe pali azakhali a BP ndi ena omwe amangodikira chifukwa choti asasonkhe. Ena mwa omwe anasiya kutumiza ndalama tsiku lija mpaka lero sanayambirenso, tikawaimbira amati nanga si zinadziwika kale.

Sabata yatha alamu anayezedwanso magazi pokonzekera kukayamba radiotherapy ku Lilongwe, mwayi womwe zaka zapitazo unkafuna ulendo wa ku India, ku Tanzania kapena ku Zambia. Dexamethasone anawachepetsera pang'onopang'ono, bala la opaleshoni linapola. Pa pepala panali 5.0 ndi 1.6. Mnyamata uja anali pomwepo, ndinamuona akudina foni, anapeza 3.1, nkhope n'kuwala, ati ankolo ndilembe pa gulupu kuti zatsika, mwina anthu ayambiranso kusonkha. Ndinamulanda foniyo. Ndinamuuza kuti 3.1 ameneyu sakunena kuti achira, monga mmene 8 uja sankanena kuti akufa mawa, ndipo akangoyamba makina ndi mapilisi aja ma lymphocyte atsikanso nambala ikweranso, ndiye udzalemba chiyani pamenepo? Anakhala chete, kenako anandifunsa kuti nanga pa gulupu tilembe chiyani. Ndinati lemba kuti basi ya ku Lilongwe ndi Lachiwiri m'mawa, akakhala kumeneko masabata 6, ndipo ndalama ya malo ogona gadiyani sinakwane.

Wa mu labu wopuma ntchito,
Chibavi, Mzuzu